Madandaulo Asanu ndi Atatu, Dzanja Limodzi

"Kodi amake Lute, n'zoona kuti akuchotsani ntchito chifukwa cholemba bwino?"

Anandifunsa choncho ndi anaMbewe, anansi anga aja amakaoda zitenje ku Chipata. Linali Lachiwiri m'mawa, ine ndikuchapa matewera pakhonde nthawi imene ndikanakhala ndikupalasa makina.

Ndinati, "Wakuuzani ndani?"

"Pampopi."

"Nanga pampopi akuti chiyani?"

"Ena akuti munatukwana bwana papepala. Ena akuti munatuluka ndi mpukutu wa nsalu m'chiuno. Ine ndawauza kuti amake Lute sangabe, munthu wobweza ngakhale mchere wapasipuni. Koma izi zolemba bwinozi ndiye zandizunguza mutu. Mwana wanga ndimutulutse sukulu kodi?"

Ndinaseka mpaka sopo anandilowa m'maso. Ndiye poti pampopi afika kale pa mpukutu wa nsalu, ndalola ndikuuzeni ndekha, owerenga anga, nkhani isanafike poti ndinasenza makina pamutu. Musade nkhawa kuti bwana wanga wakale aona zimenezi. Iwo amawerenga za Chingerezi zokha. Nyuzi ya Chichewa amakulungira nsomba.

Kwa zaka zitatu ndakhala ndikusoka pa fakitale ya zovala kuno ku Mchinji, kuseri kwa msika. Kunena kuti fakitale n'kuilemekeza chabe. Ndi nyumba yaitali ya malata, makina khumi ndi awiri opalasa ndi mapazi, ndi tebulo limodzi lodulirapo nsalu. Timasoka mayunifolomu a sukulu, maovolosi a madalaivala a kumalire, ndipo ikakwana nyengo ya zisangalalo, mabulauzi a amayi okavina pamaso pa akuluakulu. Mwini wake amakhala ku Lilongwe. Amaoneka ngati mwezi, ndipo nthawi zina mitambo imawabisa.

Kale tikakhala ndi vuto tinkauza anaNgondo, mayi wamkulu amene anayamba kusoka ine ndisanamere mano. Iwo ankadikira kuti mwini fakitale abwere, n'kuwathirira tiyi, n'kuyamba nkhani ya mvula, ya fodya wa ku Kapondo, ya mwendo wawo wotupa. Tiyi akafika pakati pa kapu m'pamene ankalowetsa yeniyeniyo: "Komatu ana anu kunoko maso akuwawa, bwana. Zenera lija likanangotsegulidwa." Zina zinkakonzeka, zina ayi. Koma palibe munthu anachoka ntchito chifukwa cha zenera.

Mwezi wathawu bwana anatibweretsera munthu. Bambo Kachingwe, mnyamata wa tayi, amene anagwirako kufakitale yaikulu ya nsalu kumwera ndipo anachita kosi ya kasamalidwe ka antchito. Dzina la udindo wawo ndi lalitali ngati msewu wa ku Lilongwe, ife tinangolidula n'kumati a Pasonelo. Anabwera ndi zinthu zitatu: belu, buku la malamulo, ndi bokosi.

Belu ndi buku zinayamba ntchito tsiku lomwelo. Kiyi wa chimbudzi anasamukira mu ofesi, ndipo munthu aziloledwa kawiri patsiku. Zidutswa za nsalu, zimene tinkagawana n'kusokera ana timalaya, ziziwotchedwa kuti tisazolowere kutenga za kampani. Ana asalowenso m'fakitale, choncho Lute wanga, amene ankagona pansi pa tebulo lodulira, anayamba kutsala ndi apongozi, ine mabere ali gwa kuyambira teni koloko. Ndipo singano ikathyoka, ubweretse zidutswa zonse ziwiri, apo ayi sulandira ina.

Munayamba mwafunapo nsonga ya singano pansi podzaza ulusi? Ine ndaona mayi wa ana asanu ndi mmodzi akukwawa m'miyendo ya makina ngati nkhuku yofuna mapira, ntchito itaima, a Pasonelo ataima pambali ndi wotchi m'manja kuwerenga nthawi imene kampani ikutaya.

Kenako bokosi. Lobiriwira, la loko, lokhala ndi kakamwa pamwamba. Analikhomera pakhomo n'kutisonkhanitsa.

"Amayi, ano ndi masiku a chitukuko. Zomapita kwa bwana ndi kapu ya tiyi zatha. Aliyense amene ali ndi dandaulo alembe papepala, asalembe dzina, aponye umu. Palibe amene adzadziwe kuti ndi ndani. Musaope. Ine pano ndi bambo wanu."

Langizo laulere, amayi anzanga: munthu amene ali msinkhu wa mlongo wanu wamng'ono akakuuzani kuti ndi bambo wanu, yambani kumanga katundu.

Tinaomba m'manja. Mwambo timaudziwa. Koma a Pasonelo anaiwala kufunsa funso limodzi, ndipo mwina kukosi kwawoko silinali m'buku: mwa amayi khumi ndi awiriwa, ndi angati amalemba?

Ndikuuzani. Asanu ndi awiri amadinda chala. Anayi amatha kulemba chinthu chimodzi chokha padziko lapansi, dzina lawo. Ndipo dzina ndilo linaletsedwa. Wotsalayo ndine, amene ndinafika Sitandade 8 ku Dambe bambo anga asanaone kuti mbuzi zolipirira sukulu zatha.

Bokosi linakhala milungu iwiri lili ndi njala. A Pasonelo ankaligwedeza m'mawa uliwonse, n'kumveka zii. Tsiku lina anatidzudzula: "Kodi ndinagulira chiyani loko? Amayi a kuno simufuna chitukuko?" Onani, owerenga, anachita kutipempha. Ichi muchisunge.

Ndiye Lachisanu masana, tikudya chinangwa pansi pa mtengo wa mango, anaNgondo ananditosa ndi chigongono.

"Iwe mwana wa sukulu, tulutsa kope lako lija."

"La chiyani, amayi?"

"Munthu akulira kuti bokosi lake lilibe chakudya. Tiyeni timudyetse. Lemba: chikhodzodzo changa sichinapite kukosi, sichidziwa belu."

"Aa, amayi, zimenezo sizilembeka."

"Bwanji? Zilembo zake zinatha?"

Amayi onse anagwa nako kuseka. Ine ndinalemba mwaulemu: Okondedwa Bwana, tikupempha kuti kiyi wa chimbudzi azikhala pamsomali. AnaNgondo atamva ndikuwawerengera anati ndathiramo madzi ambiri, koma anavomera.

Atangoona pepala loyamba lapindidwa, ena onse anayandikira. AnaZulu anati ndilembe za singano, ndipo ndiwonjezere kuti ngati a Pasonelo amaikonda chotero nsonga ya singano, adzaisake okha ndi tayi yawoyo. Tayi ndinaisiya. Wina anati za zidutswa, kuti utsi wake umamuwawa mumtima kuposa m'maso. Wina za mlonda wapageti, amene posecha m'chiuno manja ake amachedwa ngati akusankha dzungu. Wina za zenera lomwe lija, limene linakhomedwanso. Mapepala asanu ndi atatu, madandaulo asanu ndi atatu. Aliyense anatenga lake m'manja mwake n'kukaponya yekha, wina ndi wina, akuyang'ana kumbali ngati akuponya chopereka chochepa kutchalitchi.

Langa, loti azitilola kukayamwitsa masana, silinalembedwe. Kope linatha. Ndinati palibe kanthu, ndigula lina, ndilemba sabata yamawa. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tsono apa ndivomere kulakwa kwanga, poti ine si munthu wobisa. Aphunzitsi athu ku Dambe ankatimenya ndi rula pa zala mpaka zilembo zitaima ngati asilikali. Ine zolemba zanga ndimanyadira. Choncho mapepala onse asanu ndi atatu ndinawalemba ndi mtima wonse, bolopeni imodzi, mizere yowongoka, michira ya zilembo yopindika bwino. Onse anayamba ndi Okondedwa Bwana. Onse anatha ndi Ine wanu wokhulupirika, pansi pake popanda dzina, monga mwa lamulo. Ndinawapindanso mofanana, panayi.

Ndipo ndi ndani amene amalemba timapepala ta masaizi pa mitolo ya mayunifolomu, timene a Pasonelo amaona tsiku ndi tsiku? Mwayankha kale.

Akuluakulu amati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Ine mlomo ndinatseka. Ndinasiya dzanja.

Lolemba m'mawa belu linalira nthawi yosakhala yake. Tinapeza a Pasonelo ataima kutebulo lodulira, mapepala aja atawayala mondondozana ngati makhadi a njuga, ndipo pambali pake kapepala kanga ka masaizi.

"Walemba izi ndani?"

Funso la chiyani, yankho lili patebulo? Ndinagwada. "Ndine, bwana. Koma ine ndinangobwereketsa dzanja. Mawuwo ndi a eni ake."

"Eni ake ati?"

"Munati tisatchule maina, bwana."

Apa nkhope yawo inachita ngati ya munthu amene waluma mwala mu mpunga. Anatembenukira kwa amayi. "Chabwino. Amene ali ndi dandaulo pano aimirire."

Owerenga, inu mumawadziwa amayi athu. Mayi angathe kukunenani kuchokera pampopi mpaka kuchigayo, koma kuti aime pamaso pa mwamuna wa tayi, anzake akuona, n'kunena kuti bwana mwalakwa? Anatiphunzitsa kuyambira kuchinamwali kuti wamkulu sauzidwa m'maso. Maso onse anapita pansi ngati aliyense wataya nsonga ya singano.

Anaimirira mmodzi. AnaNgondo, ndi mwendo wawo wotupawo, anagwira tebulo n'kudzuka.

"La chimbudzilo ndi langa, mwana wanga. Wamva m'mimba ndiye amatsekula chitseko."

A Pasonelo anasolola bolopeni m'thumba la malaya n'kuwapatsa, pamodzi ndi pepala loyera. "Ngati ndi lanu, lembaninso apa ndione."

AnaNgondo anaigwira bolopeni ija. Manja amene amadula kolala popanda choyezera, amene amalowetsa ulusi pa singano osayang'ana, anaigwira ngati agwira njoka kumchira. Anaiyang'ana, n'kuyang'ana pepala, n'kuiika pansi.

"Mwaona?" anatero a Pasonelo. "Si lanu. Dandaulo ndi la amene walemba. Khalani pansi, mayi."

Kenako anatsitsa mawu. "Kodi mukudziwa dzina la anthu amene amasonkhanitsa anzawo pansi pa mtengo kuti adandaule? Masiku ano amatchedwa chiyani?"

Dzinalo ine sindililemba pano. Tonse timalidziwa, ndipo tonse timadziwa kuti munthu akapatsidwa dzina limenelo sabwera kudzadya nkhomaliro. Ine khadi langa la chipani ndili nalo, ndimayenda nalo pamfundo ya chitenje ngakhale popita kumsika. Kovina sindijomba, ndipo bulauzi imene ndimavinira ndinasoka ndekha. Za akuluakulu a dziko ine sindinenapo kanthu. Ine ndikunena za bokosi.

Atafunsanso kachiwiri ngati pali wodandaula, amayi anayankha pamodzi ngati kwaya: "Ayi bwana, zonse zili bwino."

Isanakwane nthawi ya nkhomaliro ndinali ndi kalata m'manja, ya Chingerezi, yotayipa. Akuti anandichitira chifundo, nkhaniyo ithere pageti pomwepo, isapite patsogolo. Ndinathokoza. Inde, ndinagwada n'kuthokoza. Mlonda uja anandisecha komaliza, ndipo tsiku limenelo manja ake anafulumira.

Tsopano tiyeni tikambirane, inu ndi ine.

Kwathu kuno munthu akakhala ndi mlandu ndi wamkulu sapita yekha. Mkazi akalakwiridwa m'banja amatuma ankhoswe. Mkamwini akafuna malo olima amatuma munthu. Aliyense amadziwa kuti wotumidwa wanyamula mawu a mnzake, ndipo palibe wamisala amene amamenya nkhoswe chifukwa cha uthenga. AnaNgondo ndi kapu yawo ya tiyi anali nkhoswe yathu. Ine ndi kope langa ndinayesa kuti ndine nkhoswe yatsopano, ya chitukuko. Sindinadziwe kuti m'buku la a Pasonelo mulibe nkhoswe. Muli wolemba ndi wosalemba, basi. Wosalemba alibe vuto. Wolemba ndiye vuto.

Taganizani bwino nzeru yake. Mukufuna kumva madandaulo a anthu osalemba, ndiye mukuwapatsa bokosi lofuna zolemba. Kusiyana kwake n'kotani ndi kuitana nkhuku kuphwando n'kuipatsa msuzi m'botolo? Kenako mukaona botolo lili chidzazire mukuti nkhuku yakhuta.

Ndipo si kwathu kokha. Mabokosi amenewa akumera paliponse ngati bowa. Amuna anga, amene amakweza katundu m'malole kumalire, akuti kwawonso linakhomedwa, ndipo chokhacho chimene chinalowamo ndi mavu. Mlamu wanga ali kuesiteti ya fodya akuti lawo lili pakhomo penipeni pa ofesi ya kapitawo, moti woponya pepala ayambe wapereka moni. Amene amakhoma mabokosiwa si anthu oipa onse. A Pasonelo sanabe kanthu, samwa mowa, ndipo amapatsa moni. Kungoti amakhulupirira buku kuposa anthu khumi ndi awiri amene ali patsogolo pawo. Buku linalembedwera fakitale ya kutali, kumene mwina aliyense ali ndi bolopeni m'thumba. Atafika nalo kuno anaona kuti anthu sakugwirizana ndi buku, ndiye anaganiza kuti olakwika ndi anthu.

Telala aliyense amadziwa kuti malaya akathina sudula munthu.

Koma nafenso amayi tisadziyeretse. Mawu akuti "zonse zili bwino" atipha. Timawanena kwa dokotala mwana akutentha thupi. Timawanena kwa alangizi chimanga chitafiira. Timawanena kwa apongozi, diso litatupa. Tawanena mpaka akuluakulu ayamba kuwakhulupirira, ndipo ungawadzudzule bwanji? Munthu wafunsa kawiri, pamaso pa mboni, ndipo kwaya yayankha. Ine sindikuwakwiyira anzanga aja. Aliyense ali ndi ana, ndipo dzina lija a Pasonelo analisiya m'malere ndi lolemera kuposa makina. Ndikanakhala ine kumbali yawo, kaya ndikanaimirira? Sindikudziwa. Mwina nanenso ndikanafuna singano pansi.

Lachinayi madzulo, ataweruka, anabwera kwathu. AnaNgondo patsogolo, anaZulu ndi ena anayi pambuyo, atanyamula mbatata ndi kamtolo ka zidutswa zimene anazipulumutsa kumoto, kaya anadutsa nazo bwanji pageti. Anakhala pamphasa ngati abwera kudzapepesa maliro.

AnaZulu anati, "Amake Lute, tulo sitikugona. Tinakutayani."

"Musatero. Kuntchito kuli bwanji?"

"Kuli mtendere," anatero anaNgondo. "A Pasonelo aimbira bwana ku Lilongwe kuti chichokereni wosokoneza uja, m'bokosi simunagwe dandaulo ngakhale limodzi. Akuti njira yawo yagwira. Mwina awakweza."

"Nanga kiyi?"

"Ali mu ofesi. Chikhodzodzo changa chayamba kosi."

Titaseka, anaNgondo anakonza pakhosi n'kukhala bwino. "Tsono mwana wanga, ife tapangana. Sitingakhale chete. Tikufuna tipemphe kuti ubwerere pantchito. Tonse khumi ndi mmodzi tavomera, palibe wotsala."

Mtima wanga unachita tseketseke, misozi ili pafupi. "Zikomo amayi. Ndiye mukalankhula nawo liti?"

"Kulankhula? Aa, iai. Paja anati zonse zizidzera m'bokosi." Anapisa m'chitenje n'kutulutsa kope latsopano, ndi bolopeni. "Tagula tokha. Utilembere."

Owerenga, ndinayang'ana kope, n'kuyang'ana amayi asanu ndi mmodzi aja, nkhope zawo zili phee, zachikondi, osaona chilichonse chachilendo. AnaZulu ndiwo anayamba kuzindikira. Anagwira pakamwa. Kenako wina, kenako wina, mpaka anaNgondo anagwa chagada pamphasa akuti, "Mayo ine, tikanamumangitsa mwana!" Tinaseka mpaka Lute anadzuka n'kuyamba kulira, ndipo anaMbewe anasuzumira pampanda kuti aone ngati maliro asanduka ukwati.

Kalatayo sinalembedwe. Kope anandisiyira. Ndi limene ndikulemberamo izi.

Ndawauza kuti Loweruka lililonse masana azibwera, ndiziwaphunzitsa zilembo pakhonde pano, aliyense ndi dzanja lake, lokhota kapena lowongoka. AnaNgondo akuti iwo akufuna kuphunzira mawu atatu okha, ndipo sindingawalembe munyuzi. Kaya adzafika poponya pepala lawolawo m'bokosi muja a Pasonelo asanakwezedwe, ine sindikudziwa. Zilembo sizimera ngati bonongwe.

Dzulo anaMbewe anabweranso pampanda. "Ndiye mwana wanga uja ndimutulutse sukulu kapena ayi?"

Ndinati, "Musamutulutse. Koma mukalowetsenso anzake onse a mumzere wathu uno, kuti asadzakhale yekha wodziwa kulemba."

"Nanga inu mwataya chiyani kwenikweni? Poti mukungoseka."

Ndinawawerengera pa zala, ndipo nanunso ndikuwerengerani. Ntchito ya zaka zitatu. Makina achitatu kuchokera pazenera, amene ndinkawadziwa kulira kwake ngati mwana. Nkhoswe ya amayi khumi ndi awiri, poti anaNgondo saloledwanso kuthira tiyi. Madandaulo asanu ndi atatu, onse oona, osayankhidwa ngakhale limodzi. Ndi lachisanu ndi chinayi, langa, limene silinafike n'komwe papepala.